Chilombo pa Webusaiti ya Dovi

Annet Elifasi anabadwira pakomboni ya pulazi ya fodya kufupi ndi Macheke m'Zimbabwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene bambo ake anapatsidwa atangofika kuchokera ku Dedza akadali mnyamata. Bambowo anamwalira asanapondenso kwawo. Annet anasankha fodya m'shedi zaka khumi ndi zinayi mpaka chifuwa chinamutulutsamo. Atachira anagula kachigayo ka mtedza n'kuyamba kupanga chiponde, chimene kuno aliyense amachitchula kuti dovi. Ankafutsanso nkhwani ndi chitambe n'kumalongedza m'timapepala.

Dovi wa Annet anali wokoma, ndipo panalibe wotsutsa zimenezo. Mtedza ankasankha yekha umodziumodzi, ankakazinga pamoto wa zitsononkho, ndipo sankathiramo mafuta kapena shuga. Sitolo ziwiri za ku Macheke zinkatenga mabotolo ake, madalaivala a makombi, timabasi tonyamula anthu, nawonso ankaima pamsewu wa ku Mutare kugula. Koma iye ankafuna zoposa pamenepo. Ankadziwa kuti ana a pamakomboni anabalalika, ena ali ku Harare, ena ku Joni, ena kutsidya la nyanja, ndipo onsewo amalakalaka mfutso wotendera ngati wa amayi awo. Bungwe la amayi litachititsa maphunziro ku Marondera, Annet anapitako masiku atatu ndipo anabwerako ali ndi webusaiti yakeyake. Inali ndi zithunzi zisanu, mitengo ya katundu ndi nambala yake ya foni.

Vuto linali lakuti webusaitiyo inalibe alendo. Pafoni pake panali pamene pankaonetsa chiwerengero cha anthu amene alowamo. Sabata ina ankalowamo asanu ndi awiri, sabata ina khumi, ndipo Annet ankakayikira kuti theka la anthuwo anali iye mwini. Patatha miyezi inayi zikuyenda chomwecho, mnzake wina wa kutchalitchi anamupatsa nambala ya Tawanda, bambo wa ku Marondera amene ntchito yake inali yokokera anthu pamawebusaiti a mabizinesi.

Tawanda anabwera Lachitatu m'mawa pagalimoto yaing'ono yoyera. Anali munthu waulemu, wa zaka ngati makumi atatu, wodziwa kuwomba m'manja popereka moni. Anakhala pakhonde, analawa dovi ndi kasupuni, n'kutseka maso.

"Mai Ruvimbo, katundu wanu alibe vuto," anatero pomutchula ndi dzina la mwana wake woyamba. "Vuto ndi lakuti pa intaneti botolo ndi botolo basi. Aliyense ali ndi botolo. Anthu amafuna nkhani. Akuoneni inuyo, aone manja anu, aone kumene mumakhala."

"Kumene ndimakhala ndi pano. Palibe chobisika."

"Zvakanaka, zili bwino. Ndijambule vidiyo yaifupi, ndikonzenso mawu a patsamba loyamba kuti munthu akafufuza dovi azikupezani msanga. Mundipatse mawu achinsinsi olowera, zotsalazo ndi zanga."

Annet anamulembera mawu achinsinsiwo pakapepala. Kenako anayatsa moto, anakazinga mtedza, anayendetsa kachigayo, Tawanda akujambula. Anamujambulanso akuyanika nkhwani pamphasa. Cha m'ma teni koloko ng'oma zinayamba kulira kumunsi kwa komboni, ndipo Tawanda anatukula mutu.

"Kuli chiyani uko?"

"Maliro. A Sebastiao, mkulu wathu wa ng'oma. Tikuika lero masana, n'chifukwa chake ndinakuuzani kuti mufulumire."

"Ndiye kukhala zvigure?"

"Kukhala gule, inde."

"Sindinaonepo ndi maso anga. Ndingapite nawo?"

Annet anaganiza pang'ono. Maliro sabwezera munthu, ndipo mlendo amene wadya pakhomo pako sungamusiye pakhonde yekha.

"Tiyeni. Koma foniyo ilowe m'thumba. Kumeneko sikojambula. Mwandimva, mukoma Tawanda?"

"Ndamva, amai. Ndine munthu wamkulu."

Anaika foni m'thumba la jekete Annet akuona. Atafika pasiwa Annet anakakhala kwa amayi anzake, ndipo Tawanda anapita kwa abambo. Zilombo zinatuluka dzuwa lili paliwombo, zinavina pabwalo la pakati pa nyumba, fumbi linachita kuti kobo, amayi akuyimba ndi kuwomba m'manja. Annet ndi mayi wa Mvano ndipo Lachinayi lililonse amavala yunifolomu yake yoyera, koma tsiku limenelo anayimba nawo nyimbo zonse, chifukwa a Sebastiao ndi amene anaomba ng'oma pamaliro a bambo ake. Za mlendo wake anaiwalako. Pobwerera kumanda anapeza galimoto yoyera ija itapita.

Panadutsa masiku asanu. Lolemba m'mawa, akutsuka mabotolo, foni yake inayamba kulira mosalekeza. Nambala zonse zinali zachilendo. Woyamba anangoseka n'kudula. Wachiwiri anafunsa m'Chishona ngati dovi wake amathandiza kuti mwamuna asamayende. Wachitatu anali mayi amene anakuwa kuti Mulungu amukhululukire. Annet anapukuta m'manja, anakhala pampando, n'kutsegula webusaiti yake.

Zithunzi zake zisanu zija kunalibe. Pamwamba penipeni panali vidiyo, ndipo pamwamba pa vidiyoyo panali mawu akuluakulu a Chingerezi ndi Chishona: CHINSINSI CHA ZVIGURE ZA M'MAPULAZI. ONANI ZIMENE SAFUNA KUTI MUONE. DOVI WA MPHAMVU ZA MAKOLO.

Anaitsegula. Inayamba ndi manja ake akuvundula mtedza m'chiwaya, koma pansi pake panali kulira kwa ng'oma za pamaliro. Kenako zilombo pabwalo. Kenako bokosi la a Sebastiao likutuluka m'nyumba, mkazi wawo akudzigwetsa pansi. Kenako manja ake aja kachiwiri, akuthira dovi m'botolo, ngati kuti zonsezi zinkachitikira malo amodzi. Chakumapeto chithunzi chinkagwedezeka, zikuoneka kuti wojambulayo ankayenda monyang'ama. Anazungulira kuseri kwa balani yakale ya fodya, kumene munthu wosavinidwa safikako tsiku la gule. Pamenepo chilombo china chinali chitakhala pachitsa, chigoba chili pamphumi, chikumwa madzi m'chigubu. Nkhope inkaoneka bwinobwino. Anali Godfrey, msuweni wake, mwana wa malume ake a Lemani.

Mayi wa pakomboni amadziwa zimene amadziwa, koma pakamwa amatseka. Annet anakula akudziwa kuti chilombo ndi chilombo, chimachokera kudambwe n'kubwerera kudambwe, ndipo sichikhala ndi dzina la munthu. Tsopano chinali pawebusaiti yake, pamwamba pa mtengo wa botolo la dovi, chikumwa madzi. Anayang'ana chiwerengero chija. Anthu zikwi makumi atatu ndi chimodzi.

Anatsikira pamene anthu amalembapo maganizo awo, ndipo anawerenga ngakhale mtima unkamuletsa. "Mabwidi ndi ufiti wawo," analemba wina, potchula dzina lonyozera anthu obwera a pamakomboni. "Anthu opanda mutupo, opanda mfunda awa, abwerere kwawo." "Ndinkagula dovi ameneyu pa Macheke, maiwe, ndadya chiyani ine?" Wina anajambula nkhope ya Godfrey n'kuiika pambali pa chithunzi cha nyani. Annet anawerenganso mawu aja kachiwiri. Abwerere kwawo kuti? Mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nyumba yomweyi. Bambo ake anathyola fodya wa dziko lino zaka makumi anayi, msana mpaka kupindika. Ndipo zonsezi zinkalembedwa pakhomo pake, pansi pa dzina lake, ndi anthu amene iye mwini analipira munthu kuti awaitane.

Anayesa kulowa kuti afufute, koma mawu achinsinsi anakana. Anayesanso kawiri. Tawanda anali atawasintha. Anamuimbira, foni inangoitana osayankhidwa.

Dzuwa lisanapendeke, mwini sitolo ina ya ku Macheke anatumiza makatoni awiri a dovi pangolo, ndi uthenga wakuti makasitomala akudandaula, ayambe aima kaye. Woyendetsa ngoloyo anatsitsa makatoniwo pamsewu, sanafune n'komwe kulowa pabwalo. Annet akuwanyamula, anaona a Lemani akubwera ndi ndodo yawo. Anali mlongo wa malemu amayi ake, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, mmodzi wa akuluakulu a kudambwe. Anakana mpando. Anaima pakati pa bwalo.

"Annet, mlendo uja unabwera naye pamaliro ndi ndani?"

"Ndi wa zamakompyuta, a malume. Ndinamuuza kuti asajambule. Ndinamuuza ndithu, foni anaika m'thumba ine ndikuona."

"Unamuuza. Nanga unamuyang'anira?"

Annet anaika pansi katoni imene ananyamula.

"Ine za mafoni sindizidziwa," anapitiriza a Lemani, mawu awo ali pansipansi. "Andionetsa adzukulu. Tangoganiza, adzukulu anga, ana osavinidwa, kundionetsa ine zimenezo akuseka. Azungu anakhala pano zaka zonse zija, kuseri kwa balani sanapondeko. Ankhondo anadutsa pano ndi mfuti, sanapondeko. Lero wapondako munthu wobwera ndi mwana wa mlongo wanga, chifukwa cha chiponde."

"Pepani, a malume."

"Usandipepese ine. Godfrey ali m'nyumba, wabwezedwa kuchokera kuntchito. Akuti makolo aimba mafoni, sakufuna kuti ana awo azinyamulidwa ndi munthu wovina ndi mizimu."

Godfrey ankayendetsa basi ya sukulu ina ya mishoni chakufupi ndi Marondera. Anali atagwirako zaka zisanu ndi zinayi osagundako ngakhale nkhuku. Annet anakhala pamwamba pa makatoni aja. A Lemani anamuyang'ana kanthawi, kenako anatembenuka n'kumapita.

M'mawa mwake Annet anakwera kombi yoyamba ya ku Marondera. Ofesi ya Tawanda inali kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo anamupeza ali ndi kasitomala, bambo wonenepa wa bizinesi ya nkhuku. Pakompyuta imene ankamuonetsa bamboyo panali webusaiti ya Annet.

"Mai Ruvimbo!" Tawanda anaimirira akumwetulira. "Mwafika nthawi yabwino. Ndimawauza abwanawa za inu. Mwaona manambala? Tadutsa zikwi makumi anayi. Kuchoka pa anthu khumi!"

"Chotsa."

"Amai?"

"Ndati chotsa vidiyo imeneyo. Pompano, ine ndikuona."

Tawanda anaseka pang'ono n'kuyang'ana kasitomala wake. "Khalani pansi kaye, tikambirane. Ndikudziwa kuti ena alemba zopusa. Pa intaneti ndi mmene zimakhalira. Koma wotukwana nayenso ndi mlendo, amatikweza pamwamba. Pano munthu akangolemba kuti dovi, dzina loyamba kutuluka ndi lanu. Mukudziwa kuti makampani amalipira zingati kuti afike pamenepo?"

"Mwa anthu zikwi makumi anayiwo, wagula botolo ndi ndani?"

"Zimenezo zimabwera pambuyo. Choyamba anthu akudziweni."

"Andidziwa kale. Andidziwa kuti ndine mfiti yothira zinthu m'chakudya cha ana awo. Sitolo yandibwezera katundu. Msuweni wanga wachotsedwa ntchito. Mayi wamasiye uja unamujambula akugubuduka pansi, unamupempha? Ine ndinakuuza chiyani pakhonde panga, Tawanda?"

Ulemu womutchula kuti mukoma, achimwene m'Chishona, unali utathera m'kombi. Tawanda anasiya kumwetulira.

"Munandilemba ntchito kuti ndibweretse anthu, ndabweretsa. Komanso kunena zoona, amai, chikhalidwe chanu n'chokongola. Ine ndachithandiza kuti chidziwike. Zinthu zobisabisazi n'zimene zimachititsa kuti anthu azikuopani."

Apa ndiye Annet anapsa mtima zenizeni. Anaika chikwama chake patebulo, pamwamba pa mapepala a Tawanda.

"Wachithandiza? Iweyo? Walemba kuti zimene safuna kuti muone. Ndiye kuti unkadziwa kuti sitifuna! Kwanu kulibe maliro? Mukamachita kurova guva, mwambo wanu uja wobweretsa mzimu wa bambo ako pakhomo, ine nditabwera ndi foni, n'kujambula amayi ako akulira, n'kujambula mkulu wa pabanja panu akulankhula ndi mizimu, n'kuika pamwamba pa botolo la dovi kuti anthu aseke, ungati ndakuthandiza? Sungayerekeze kuchita zimenezi kwa anthu akwanu. Wachita kwa ife chifukwa ndife a pakomboni. Unaona kuti awa alibe mfumu, alibe loya, alibe kokadandaula."

Bambo wa nkhuku uja anatsokomola, anatenga chipewa chake. "Ine ndibweranso tsiku lina," anatero, ndipo anatsika masitepe mofulumira kuposa mmene thupi lake linkalolera.

"Mwandithamangitsira kasitomala," anatero Tawanda.

"Ndipo ndikhala pampando uwu kuthamangitsa aliyense wolowa, lero, mawa, mpaka Loweruka. Ndabwera ndi chakudya changa."

Sankanama. M'chikwamamo munali mbatata zophika ndi botolo la maheu. Tawanda anamuyang'ana, anayang'ana chitseko, kenako anakhala pansi n'kukoka kompyuta. Anafufuta vidiyo ija pawebusaiti ndi pamasamba ake onse, Annet ataima kumbuyo kwake. Anafufutanso ya m'foni. Anabwezeretsa zithunzi zisanu zija. Kenako Annet anamuuza kuti atembenukire kukhoma, ndipo analemba yekha mawu achinsinsi atsopano ndi chala chimodzi.

Annet ali pakhomo kutuluka, Tawanda analankhula osamuyang'ana.

"Mudziwe kuti zimene tafufutazi ndi zathu zokha. Anthu anakopera kale. Ili pamagulu a m'mafoni, ili paliponse. Imeneyo palibe angaichotse."

"Unkadziwa zimenezo pamene unkaiika?"

Tawanda anapitiriza kuyang'ana pakompyuta yake.

Ananena zoona. M'kombi yobwerera, mtsikana amene anakhala kutsogolo kwa Annet ankaonetsa mnzake vidiyo yomweyo. Annet anamva ng'oma za pamaliro a a Sebastiao zikulira m'kafoni, atsikanawo akuseka, ndipo anayang'ana pawindo mpaka ku Macheke.

Loweruka akuluakulu anamuitana pansi pa mtengo wa mango wa pakati pa komboni. Mlandu sunatalike. Mlendo anali wake, choncho cholakwa chinali chake. Anamugamula mbuzi imodzi ya kudambwe ndi nkhuku ya kwa mayi wamasiye. Annet anavomera atagwada, ndipo sananene zambiri. Koma mumtima munkawira. Iye amene analetsa ndi amene ankagwada pafumbi, pamene wojambulayo anali ku Marondera pampando wofewa, mwina akuonetsa munthu wina manambala omwe aja. Nkhuku anakapereka yekha. Mkazi wa a Sebastiao anailandira n'kumugwira dzanja nthawi yaitali.

"Akuti dziko lonse landiona ndikulira," anatero mayiyo. "Nanga ankafuna ndiseke?"

Godfrey sanabwere pamlandupo. Sankatuluka m'nyumba, ndipo Annet atapita kukamuona, mkazi wake ananena kuti wagona, chonsecho inali nthawi ya masana. Choncho Lolemba Annet anavala chitenje chake chatsopano n'kupita yekha kusukulu ya mishoni ija, osauza munthu.

Anadikira pabenchi maola awiri asanalowetsedwe kwa wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, amene ankayang'anira antchito. Anali bambo wa imvi za m'mbali, wa tayi yofiira, ndipo dzina la pachitseko chake linali la Chishona. Annet anafotokoza zonse m'Chishona chosamala. Ananena kuti cholakwa ndi chake, kuti Godfrey sanajambulitse dala, kuti samwa mowa, kuti ana onse amawadziwa ndi mayina.

"Zonsezo tikuzidziwa, amai," anatero bamboyo. "Godfrey ndi dalaivala wabwino kuposa onse amene takhala nawo. Koma ino ndi sukulu ya mpingo. Makolo ndi amene amalipira. Komiti yakhala pansi, yaona kuti ndi bwino apume."

"Apume mpaka liti?"

Bamboyo anatambasula manja.

"Walakwa chiyani? Anapita kumaliro a mkulu wa pakomboni pathu tsiku limene anapempha chilolezo. Basi anaisiya pano. Kodi m'mapepala a ntchito munalembedwa kuti dalaivala asamaike maliro mwa mwambo wa kwawo?"

Bamboyo anaimirira, anapita kuchitseko, anasuzumira panja, n'kutseka. Pobwerera sanakhale kumpando wake. Anatsamira tebulo pafupi ndi Annet, ndipo atatsegula pakamwa panatuluka Chichewa chosalala, cha munthu woyamwira.

"Mayi, musaganize kuti sindikumva kuwawa. Ine agogo anga anachokera ku Ntcheu. Ndinakulira ku Mhangura, pakomboni ya mgodi. Bambo anga ankaomba mbalule. Nditaona vidiyo ija ndinalira, chifukwa nyimbo ija ndimaidziwa."

Annet anamuyang'anitsitsa. Mtima wake unayamba kumasuka.

"Ndiye mutithandiza, achimwene."

"Ayi, mayi, mundimvetse. Kuno sadziwa. Dzina ndinasintha ndili ku koleji. Mkazi wanga yekha ndi amene amadziwa. Ndikangoyamba kumuikira kumbuyo Godfrey, ayamba kufunsa kuti bwanji ameneyu zikumukhudza chonchi. Ndatsala ndi zaka zitatu kuti ndipume pantchito. Ndakuuzani kuti mudziwe kuti si nkhanza. Koma chonde zithere m'chipinda muno."

"M'komitimo munalimo?"

"Ndinalimo."

"Munanena chiyani?"

Bamboyo anayang'ana nsapato zake.

Annet anaimirira pang'onopang'ono n'kumanga bwino chitenje. Anapeza kuti mkwiyo umene anali nawo pa Tawanda unali wopepuka poyerekeza ndi uwu. Tawanda sankadziwa nyimbo ija.

"Chinsinsi chanu ndisunga," anatero. "Ife kusunga timadziwa. Koma musandiuze kuti munalira. Misozi yanu ana a Godfrey sadya."

Anatsegula yekha chitseko, ndipo ali pakhonde anatsanzika mokweza m'Chichewa, kuti tsalani bwino bambo, alembi awiri a mu ofesi akumva. Bamboyo anayankha m'Chishona.

Godfrey sanabwererenso kusukulu ija. Patatha miyezi iwiri anapeza ntchito yoyendetsa lole ya tomato kuchokera ku Macheke kupita kumsika wa Mbare ku Harare, ya malipiro ochepa ndiponso yodzuka m'mamawa. Akakumana ndi Annet panjira amapereka moni, koma saima. Kudambwe anamuuza kuti ayambe wapuma chaka chathunthu, chifukwa ana a pakomboni akaona chilombo chachitali ngati iye ankayamba kunong'onezana.

Webusaiti ija Annet sanaitseke, ngakhale a Lemani ankafuna atatero. Anatseka pamene anthu amalembapo maganizo, ndipo patsamba loyamba analembapo yekha mawu ochepa, m'Chichewa ndi m'Chishona. Analemba kuti iye ndi Annet Elifasi wa ku Macheke, mwana wa Mchewa wa ku Dedza, wobadwira m'Zimbabwe. Analemba kuti m'dovi wake muli mtedza ndi mchere basi, ndipo wofuna kuona abwere adzaone mmene amapangira. Anamaliza ndi kunena kuti wofuna zvigure walakwitsa khomo.

Chiwerengero chinatsika msanga. Sabata yachitatu chinali pa mazana awiri, kenako chinakhazikika cha m'ma makumi asanu ndi limodzi. Sitolo imodzi ija sinatengenso katundu wake. Inayo inapitiriza, koma mwini wake anapempha kuti pamabotolo asamalembepo dzina la Elifasi, ndipo Annet anakana, n'kuchotsako katundu wake yekha. Tsopano amagulitsa pamsewu ndi kwa anthu oitanitsa pafoni. Ena mwa iwo ndi ana a pamakomboni a ku Mutorashanga ndi ku Joni amene anawerenga mawu ake aja, ndipo amalemba uthenga m'Chichewa chothyokathyoka, kupepesa kuti anaiwala chilankhulo. Annet amawayankha onse. Amene amayamba ndi kufunsa ngati angabwere ndi kamera tsiku la gule, amawadulira foni asanamalize.